KUCHOKA PA YAWANA KUKAFIKA PA YABAMBO: MBIRI YA BAWO NDI MSIKA WA TSOKA

Pa maseŵera onse amene Amalaŵi timaseŵera titakhala pansi, palibe ovuta kupambana bawo yabambo. Ambiri a ife tikafunsidwa timayankha msangamsanga kuti bawo timaidziŵa, koma mutatikhazika pa thabwa lokhala ndi nyumba, nkutipatsa nkhomo 20 m'manja, mudzaona tikuyamba kukanda m'mutu ndi kuyang'ana kumbali. Imene timaidziŵa ndi yawana, ija ya nkhomo ziŵiriziŵiri m'dzenje lililonse, ndipo ochuluka timakalamba tili pomwepo. M'nkhani ino ndifuna kulondola kumene bawo yovutayi idachokera, njira imene idadzera kuti ifike m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, ndiponso chifukwa chimene ndikunenera kuti msika wa Tsoka, pamodzi ndi misika inzake, ndiyo sukulu imene yakhala ikukweza anthu kuchoka pa yawana kukafika pa yabambo.

Msika wa Tsoka uli ku Old Town, m'mphepete mwa mtsinje, kufupi ndi mlatho waukulu. Amene adafikako akudziŵa milu ya kaunjika, nsapato zolendeŵera pa zingwe, ndi timilatho tamitengo timene munthu amalipira kuti aolokere tsidya lina. Dzina la msikawo limaseketsa munthu akaganiza za bawo, pakuti m'maseŵera ameneŵa mulibe tsoka ndipo mulibe mwayi. Palibe choponya m'mwamba kuti chigwe chafufumimba kapena chagada, palibe khadi lobisika m'manja mwa mnzako ngati pa juga. Nkhomo zonse 64 zili poyera; iwe ukuziona, mnzako akuziona, oonerera akuzionanso. Wogonja pa bawo sangadandaule kuti tsoka silinunkha. Iye adangolephera kuŵerenga.

MAKWERERO

Pansi penipeni pa makwerero pali ntchuwa, imene anzathu a ku Zambia amati nsolo, a ku Zimbabwe tsoro, a ku Mozambique ntxuva. Iyi ndi ya makolo athu, ndipo siifuna mmisiri: mumakumba timaenje m'mizere inai patsinde pa mtengo, nkutola timiyala kapena nthanga, basi maseŵera ayamba. Maenje angathe kuchuluka monga mwafunira, kotero kuti anthu angapo amatha kukhala mbali imodzi. Pa ntchuwa, chimene wadya umachichotsa pabwalo nkuchiika pambali, ndipo amene zake zatha ndiye wagonja.

Bawo ndi ina. Thabwa lake lili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32, ndipo munthu aliyense ali ndi mizere iŵiri ndi nkhomo 32. Pa bawo chimene wadya sichichoka pa thabwa ai. Umachitenga kwa mnzako nkuchiloŵetsa m'maenje ako, ndipo chimayamba kukugwirira ntchito nthaŵi yomweyo. Chuma sichitha, chimangosintha manja, ndipo nkhomo imene wadya tsopano apa ingabwerere kwa mwini wake usanameze malovu. Munthu amagonja pamene mzere wake wakutsogolo wauma, kapena pamene watsala ndi nkhomo imodziimodzi zosatheka kuyenda.

Kwathu kuno bawo timaitchula maina atatu: yawana, yokhoma ndi yabambo. Ziŵiri zoyambazo nzopepukirako. Pa yawana nkhomo zonse zimayalidwa pa thabwa pachiyambi pomwe ndipo nyumba ilibe ntchito. Aswahili amaitcha bao la kujifunza, ndiye kuti bawo yophunzirira. Yabambo ndiyo imene iwo amati bao la kiswahili, ndipo kulimba kwake kwagona pa zinthu zitatu.

Choyamba ndi nkhomo za m'manja. Poyamba maseŵera, munthu aliyense amakhala ndi nkhomo 12 zokha pa thabwa: 8 m'nyumba, 2 m'dzenje lotsatira ku dzanja lamanja, 2 m'dzenje linalo. Zotsala 20 amazisunga. Ku Zanzibar amaika 6 m'nyumba nkusunga 22, ndipo kusiyana kumeneku kukusonyeza kuti bawo itafika kuno idamera mizu yakeyake. Nthaŵi yako ikakwana umatenga nkhomo imodzi nkuiponya m'dzenje la mzere wakutsogolo mmene muli kale nkhomo. Ngati dzenje la mnzako loyang'anana nalo lili ndi kanthu, wadya, ndipo zodyazo umayamba kuziyala kuchokera ku dzenje lakumapeto kwa mzere. Ngati palibe chakudya, umatakata, ndiko kuyenda kopanda kudya. Tsono lamulo nlakuti pamene pali chakudya uyenera kudya, ufune usafune. Misampha yonse yagona pamenepa, pakuti katswiri amakutchera nkhomo ziŵiri kuti udye, iye nkudzakolola khumi pambuyo pake. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Chachiŵiri ndi nyumba, dzenje lija la ngodya zinai, lachisanu kuchokera kumanzere pa mzere wakutsogolo. Nyumba ili ndi malamulo akeake. Pamene ukutakata, nkhomo yako yomaliza ikagwera m'nyumba, ulendo wathera pomwepo. Koma ngati ukuyenda ndi zodya, ukafika m'nyumba uli ndi ufulu wosankha: kugona pomwepo, kapena kupasula nyumbayo nkupitiriza ulendo ndi chuma chonse chili m'menemo. Ukaipasula msanga, wamwaza chuma nthaŵi isanakwane. Ukaisunga mopitirira muyeso, mnzako aidya yonse kamodzinkamodzi. Palinso tsiku la njala, pamene ulibe kwina kotakata koma m'nyumba mokha. Pamenepo umatapamo nkhomo ziŵiri zokha, monga mai amatapa m'nkhokwe chimanga cha tsiku limodzi.

Chachitatu ndi kusintha kwa malamulo pakati pa njira. Nkhomo za m'manja zikatha, maseŵera amaloŵa chigawo chachiŵiri chotchedwa mtaji, mmene munthu amanyamula dzenje lonse nkumayala monga pa yawana. Motero munthu wa yabambo amaseŵera maseŵera aŵiri pa thabwa limodzi, ndipo pamene akuponya nkhomo zake zoyamba ayenera kukhala akukonza kale malo amene adzaimapo manja akadzauma.

MAU NDIWO MBONI

Maseŵera a maenje ndi nthanga ali ponseponse mu Africa muno ndi ku Asia komwe. A ku Ghana ali ndi oware ya mizere iŵiri, a ku Uganda ali ndi omweso ya mizere inai. Koma bawo ya nyumba kwawo nkugombe la nyanja yamchere: ku Zanzibar, Lamu, Mombasa, Kilwa ndi zilumba za Comoro. Mu 1658 Mfalansa wina, Étienne de Flacourt, adalemba za maseŵera ofanana nayo amene adaŵaona ku Madagascar, ndipo cha m'ma 1820 mlakatuli wa ku Mombasa, Muyaka bin Haji, adaipekera ndakatulo. Ndiye kuti kugombeko bawo inali kale chinthu cha ulemu, choseŵera anthu omveka.

Mboni zenizeni za ulendo wa bawo ndi mau amene ili nawo. Pa Chiswahili bao ndi thabwa. Dzenje lakumapeto kwa mzere amalitcha kichwa, ndiye mutu. Kupasula nyumba nkupitiriza kuyenda amati safari, mau omwe aja ankatchulira maulendo a amalonda opita kumtunda. Ndipo mtaji, mau amene timaŵatchula tsiku ndi tsiku pa thabwa osaŵaganizira, pa Chiswahili ndi mpamba, ndalama zoyambira malonda.

Ine ndikaika mau ameneŵa pamodzi ndimaona kuti yabambo ndi maseŵera a amalonda. Ntchuwa ili ndi mtima wa abusa ndi ankhondo a m'mudzi: walanda ng'ombe za mnzako, wazitsekera m'khola, nkhani yatha. Koma onani yabambo. Muli mpamba wosunga m'manja nkumatulutsa pang'onopang'ono. Muli nyumba yosungiramo katundu. Muli ulendo umene ungakulemeretse kapena kukubweza chimanjamanja. Muli phindu limene sukhala nalo pansi koma umalibweza m'malonda pompopompo. Amene adakonza malamulo ameneŵa ankadziŵa ngongole, ankadziŵa kudikira mphepo ya zombo, ankadziŵanso kuti wolemera lero angathe kugona ndi njala maŵa.

NJIRA YA MINYANGA

Malonda amene adabweretsa bawo kunyanja kwathu sadali a matimati. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo zake zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita tsidya la kum'maŵa, kumene ankayamba ulendo wapansi wa ku Kilwa. David Livingstone adafika pamalopo mu 1861, nabweranso mu 1863, ndipo adaona malondawo ndi maso ake. Kum'mwera ndi kum'maŵa kwa nyanja kudali mafumu a Chiyao, Mataka, Makanjira ndi Mponda, amene anthu awo adali atazoloŵera kale njira ya kugombe. Pobwera kumeneko ankatenga nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Adatenganso Chisilamu, kulemba kwa Chiarabu, mikanjo ndi zisoti. Ndipo pakati pa akatundu ameneŵa padali thabwa la maenje 32. M'kamwa mwa Ayao ndimo bao idasanduka bawo.

Apa tiyenera kunena chilungamo. Thabwa lokongolali lidaloŵera njira yomwe ija abale athu adatulukira atamangidwa magoli m'khosi. Ulendo umodzi womwewo unkapita ndi anthu nkubwera ndi nkhomo. Sindinena izi kuti bawo tiitaye. Mpunga wa ku Nkhotakota udafalanso m'masiku a Jumbe, koma palibe amene amaukana pa mbale. Ndikunena kuti munthu wokhala pa thabwa adziŵe kuti wakhalira mbiri, yokoma ndi yoŵaŵa yomwe, ndipo kuti chimene chidabwera ngati maseŵera a mabwana a minyanga, adzukulu a ogulitsidwa ndi adzukulu a ogulitsa adachilanda nkuchisandutsa chawo onse.

Angerezi atalengeza ulamuliro wawo mu 1891, Harry Johnston adathira nkhondo mafumu a malonda a akapolo, ndipo pofika kumapeto kwa 1895 ufumu wa Jumbe udali utatha, Mlozi wa ku Karonga atapachikidwa, ndi Mwase wa ku Kasungu atagonjetsedwa. Njira ya ku Kilwa idatsekeka, koma bawo idatsala. Thabwa lina la kuno la m'zaka zomwezo lili ku British Museum ku London, ndipo limaŵerengedwa pakati pa mathabwa akale kwambiri a bawo amene adasungika. Mu 1913 dokotala wa boma la Nyasaland, Meredith Sanderson, yemwe adalembanso galamala ya Chiyao, adasindikiza nkhani ya maseŵera a kuno m'magazini ya Royal Anthropological Institute, momwe adalongosola bawo pamodzi ndi maseŵera ena a mtundu wa ntchuwa. Nchomvetsa chisoni kuti munthu wofuna kudziŵa mmene agogo athu ankaseŵerera ayenera kukafunsa pepala la Chingerezi la ku London.

MZINDA WA MIPANDA

Tsono tichoke kunyanja tikwere kumtunda. Lilongwe adayamba ngati kaboma kakang'ono pa dooko la mtsinje, m'dziko la mfumu Njewa, ndipo mu 1904 adakhala likulu la boma la derali. Chimene chidamkuza ndi fodya, makamaka kuyambira 1920 pamene A. F. Barron adatsegula minda ku Mbabzi nkuyamba kugula fodya wa alimi a m'midzi. Fodya adabweretsa ndalama, ndalama zidaitana Amwenye ndi masitolo awo, ndipo pa makonde a masitolowo padakhala matelala ndi makina awo osokera, ambiri mwa iwo Ayao. Njanji itafika ku Salima mu 1935, mseu wa kunyanja udayamba kuyenda anthu: a nsomba, a mpunga, a mchere, ofuna ntchito. Ine ndikhulupirira kuti yabambo idakwera kumtunda kuno ndi anthu ameneŵa, pakuti bawo imafuna zinthu ziŵiri zimene telala ndi wamalonda ali nazo zochuluka: malo amodzi okhala tsiku lonse, ndi nthaŵi yodikira wogula.

Mu 1965 Dr. H. Kamuzu Banda adalengeza kuti likulu lichoka ku Zomba. Mu 1968 kudakhazikitsidwa Capital City Development Corporation, boma la South Africa lidapereka ngongole yoyambira ntchito, ndipo mu 1975 Lilongwe adakhala likulu la dziko. Anthu amene adali pafupifupi 19,000 mu 1966 adafika pafupifupi 99,000 mu 1977, ndipo kalembera wa 2018 adapeza 989,318. Ojambula mapu a mzinda watsopanowu adaugaŵa m'madera a manambala, aliyense monga mwa thumba lake. Maofesi adapita ku Capital Hill ndi ku City Centre; mabwana adalandira mapuloti aakulu ku Area 10, Area 12 ndi Area 43; anthu wamba adakhala ku Kawale, Mchesi, Biwi, Chilinde ndi Area 25. Pakati pa dera ndi dera adasiya tchire ndi miseu italiitali.

Pa mapu amenewo padali malo a maofesi, a mahotela, a tchalitchi ndi a mpira, koma bwalo lija la kumudzi, pamene amuna amakumana opanda kuitanidwa, silidajambulidwe. Ku madera a mabwana munthu amatuluka pa geti ali m'galimoto nkubwera ali m'galimoto. Mpanda wa njerwa umatchinga mbala, koma umatchinganso mnzako woseŵera naye. Kumeneko bawo iliko ndithu: kwa zaka zambiri osema ziboliboli akhala akugulitsa mathabwa okongola ku Old Town, ndipo ambiri a mathabwa amenewo ali m'zipinda zochezera za ku Area 10 ndi Area 43, opukutidwa fumbi m'maŵa uliwonse, nkhomo zili phee ngati mazira oola. Kaŵirikaŵiri munthu wodziŵa kuziyendetsa pa nyumba yonseyo ndi mlonda wa pa geti.

Choncho bawo idatsalira ku Old Town, ndipo mbiri ya malonda a m'tauni ndiyo idaisonkhanitsa m'mbali mwa mtsinje. M'masiku a chipani chimodzi malonda a m'miseu adali oletsedwa kolimba. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, mavenda adadzaza makonde ndi miseu, ndipo kaunjika adasanduka chovala cha mtundu wonse. Mu April 2006 boma la Bingu wa Mutharika lidalamula kuti mavenda achoke m'miseu apite m'misika imene adaŵakonzera, ndipo Tsoka udali umodzi mwa misika imene idaŵalandira. Boma linkafuna miseu yoyera; za bawo silinkaganizako nkomwe. Komabe posonkhanitsa anthu ambirimbiri a malonda pamalo amodzi, lidamanga mosadziŵa bwalo lija ojambula mapu adaliiŵala.

SUKULU YOPANDA BELU

Kodi munthu amakwera bwanji kuchoka pa yawana kukafika pa yabambo? Monga ndaonera ine, njira yake ndi imodzi, ndipo siisintha. Umayamba ndi kuimirira kumbuyo kwa oseŵera, manja kumsana, pakamwa potseka. Pakapita masiku amakulola kuyala nkhomo akulu akamaliza. Kenaka tsiku lina wogula afika, mwini malo anyamuka kukatsatsa jekete, nkukuuza kuti, "Tagwirani apa, achimwene." Pamenepo ndiye wayamba sukulu, ndipo fizi yake ndi kudyedwa. Udzadyedwa sabata, udzadyedwa mwezi, oonerera akuseka, wina akukufunsa ngati nyumba yakoyo udaimanga ndi udzu. Amene amachita manyazi amabwerera ku yawana, kumene adali mfumu. Mbeŵa ya manyazi idafera ku una.

Chovuta si kuloŵeza malamulo, pakuti amenewo munthu angaŵamve masiku oŵerengeka. Chovuta nkutaya nzeru zimene zinkakupambanitsa pa yawana. Kumeneko udazoloŵera kufunsa funso limodzi: ndidya zingati? Pa yabambo funso limatembenuka: ndikadya, ndisiya chiyani? Wophunzira amayang'ana maenje a mnzake. Katswiri amayang'ana ake. Wophunzira amakondwa ndi dzenje lodzaza. Katswiri amadziŵa kuti dzenje lodzaza pa mzere wakutsogolo ndi mbuzi yonenepa yomangidwa panjira ya fisi. Wophunzira amaopa kutakata chifukwa sikubweretsa kanthu. Katswiri amadziŵa kuti kutakata kwabwino ndiko kulima, ndipo kudya nkukolola chabe.

Pamwamba pa izi pali kuŵerenga. Pa bawo, nkhomo yomaliza ikagwera m'dzenje lokhala ndi zina, umanyamula zonsezo nkupitirira, ndipo kuyenda kumodzi kungazungulire thabwa kangapo, kusintha dzenje lililonse limene wadutsa. Munthu ayenera kuyendetsa zonsezi m'mutu dzanja lisanakhudze nkhomo, chifukwa ukanyamula wanyamula, kubweza kulibe. Nchifukwa chake mudzaona mkulu atangoti duu, maso pa thabwa, milomo ikugwedera pang'ono. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Msika uli ndi chinanso chimene mudzi ulibe: alendo. Kumudzi ukagonjetsa akulu atatu a pa bwalo, watha, palibenso wokuphunzitsa. Pa Tsoka pamadutsa wa ku Mangochi, wa ku Nkhotakota, wa ku Ntcheu, wa ku Karonga, aliyense ndi kaseŵeredwe ka kwawo ndi misampha imene sudaionepo. Nthaŵi zina maseŵera asanayambe pamakhala kukambirana za lamulo ili kapena ilo, pakuti madera amasiyana pa tina ndi tina. Mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi, ndipo katswiri wa bawo sakulira pa thabwa limodzi.

ZA MAKINA NDI ZA ANZATHU

Achinyamata a masiku ano amadziŵa makwerero ena, a maseŵera a pa kompyuta oyenda mosinthana. Mu Civilization, amene Sid Meier adatulutsa mu 1991, munthu amasankha yekha kulimba kwa mdani, ndipo pa Civilization II ya 1996 khwerero lapamwamba lidatchedwa Deity. Koma kulimba kwa kumeneko nkwa mtundu wina: makina sachenjera kwenikweni, amangopatsidwa chuma ndi mphamvu zoposa zako. Pa yabambo palibe wopatsidwa zambiri. Nonse muyamba ndi 12 pa thabwa ndi 20 m'manja, ndipo chokulepheretsa ndi mutu wa munthu wakhala patsogolo pakoyo.

Akunja adazindikira kale kuzama kwa maseŵera ameneŵa. Mu 1995 Alex de Voogt wa ku Netherlands adasindikiza buku lotchedwa Limits of the Mind, atakhala pakati pa akatswiri a ku Zanzibar kufufuza mmene mitu yawo imaŵerengera, mpaka kuyesa ena kuseŵera osayang'ana thabwa. Mu 2006 iye ndi anzake aŵiri, Tom Kronenburg ndi Jeroen Donkers, adasonyeza kuti pa bawo pangapezeke kuyenda kosatha, nkhomo kumangozungulira osagona. Kompyuta idagonjetsa Garry Kasparov pa chesi mu 1997, ndipo mu 2002 akatswiri a ku Amsterdam adaŵerenga mpaka kumapeto maseŵera a awari, mbale wake wa oware. Nzeru zimene anthu ameneŵa amazilondola ndi makina aakulu ndi za mtundu womwe uja wogulitsa nsapato amazichita m'mutu, khutu lina likumvera wogula. Anzathu a ku Tanzania adakhazikitsa Chama cha Bao mu 1966, ndipo Julius Nyerere mwini wake ankaseŵera poyera, kusonyeza kuti mphunzitsi ndi mtsogoleri wa dziko sachepa pokhala pa thabwa. Kwathu kuno munthu wophunzira akafuna kuonetsa nzeru amatchula chesi, ndipo bawo timaiyesa ya malova.

Pali chinthu china chimene chimandivuta, ndicho dzina lomwe. Tikati yabambo tatseka chitseko kaŵiri: kwa ana ndi kwa amai. Dzinalo lidabadwa m'masiku amene amuna ankakhala pa khonde, akazi ali pa mtondo ndi ku chitsime. Koma pitani tsidya la mtsinje kwa amai a ndiwo zamasamba, muone mmene amaŵerengera mpamba, mtengo wa galimoto, chiphaso cha msika, zoola ndi phindu, opanda pensulo. Mutu wotere ungalephere nyumba ndi mtaji? Thabwa silifunsa kuti dzanja ndi la yani. Ngati tipitiriza kusunga khwerero lapamwamba kwa theka la mtundu, tisadzadabwe likadzasoŵa okwera.

CHIMENE CHINGATAIKE

Bawo siidzafa msanga; yawana njosavuta kuphunzira ndipo mathabwa akusemedwabe. Chimene chingataike ndi khwerero lapamwamba lokha, ndipo lingataike mwakachetechete, thabwa lili pomwepo. Yabambo ili m'mitu ya anthu, ndipo imadutsa kuchoka m'mutu wina kupita m'mutu wina pokhapokha anthuwo atakhala pamodzi nthaŵi yaitali. Lero wogulitsa wodikira wogula ali ndi foni m'manja, ndipo nthaŵi ija inkapita pa thabwa yapeza mwini wina. Misika imapsa, imasamutsidwa, imamangidwanso, ndipo pojambula mashedi atsopano palibe amene amakumbuka mthunzi wa oseŵera. Mbadwo umodzi wokha ukaleka kuimirira kumbuyo kwa akulu, dzenje la ngodya zinai lidzasanduka chokongoletsa chabe, ndipo ana adzafunsa chifukwa chake mmisiri adalisema mosiyana ndi anzake.

Pempho langa kwa aŵerengi nlapafupi. Malamulo a yabambo, monga amaseŵerera ku Mangochi, ku Nkhotakota ndi ku Lilongwe, alembedwe m'Chicheŵa ndi m'Chiyao, pamodzi ndi mau ake, misampha yake ndi nthabwala zake, akatswiri akadali moyo. Mathabwa aloŵe m'masukulu, kwa anyamata ndi atsikana omwe, ndipo aphunzitsi ake akatengedwe kumsika, kumene ali. A khonsolo akamamanga msika azisiya malo a benchi ndi mthunzi. Ndipo inu amene muli ndi thabwa lopukutidwa m'chipinda chochezera, litsitseni, mupite nalo kwa wodziŵa, muike 8 m'nyumba ndi 20 m'manja, mulole kudyedwa kufikira mutaphunzira. Safunsa adadya phula.